Sopo wa apongozi anga

Ndinawanamiza apongozi anga, ndipo musadikire kuti ndikawapepesa.

Nditabereka mwana woyamba, anabwera kwathu ku Chilobwe kudzandithandiza. Tsiku lomwelo anagula paokala yapafupi sopo waufa, wonunkhira ngati maluwa apamaliro. Anachapa zonse: matewera, zitenje, ngakhale duku wanga. Fungo lake linkandiwawitsa mutu, mwana naye akungoyetsemula. Koma ndani angawauze apongozi kuti sopo wawo akununkha?

Lamulungu apongozi atapita kutchalitchi, ndinanyika zovala zonse m'madzi a viniga kuti fungo lichoke, n'kutsukuluza katatu, n'kuyanika padzuwa. Pobwerako ananunkhiza thewera limodzi, n'kukwinya nkhope.

"Amake Chisomo, fungo la sopo uja lapita kuti?"

"Kaya, amayi," ndinayankha maso ali gwa. "Katundu wachinyengo wachuluka masiku ano."

Anamanga chitenje m'chiuno n'kukawalalatira bambo ogulitsa paokala paja, msewu wonse ukumva. Ine ndili pakhomo, ndikuyamwitsa.

Mpaka lero ndikamadutsa paokalapo ndimayang'ana kumbali, machesi ndimakagula kutali. Bambowo ndimawamvera chisoni ndithu. Koma apongozi akadzabweranso ndi sopo wawo uja, adzapeza viniga wanga akuwadikira, botolo lodzaza.