Chiwongolero cha Achimwene

Nyuzipepala imafika kwa ine itagona kale kwa aneba, koma ndimaiwerenga yonse, ngakhale tsamba la zamalonda limene ena amakulungira vitumbuwa. Sabata yatha ndinapezamo nkhani ya kampani yaikulu yopanga magalimoto kutsidya kwa nyanja. Analemba kuti akuluakulu oiyendetsa, a m'kati, ali ndi masheya ochepa, pamene ambiri ali m'manja mwa mabanki, a inshuwalansi ndi mabungwe a penshoni, ndipo mabungwewo ayamba kumuyang'ana cham'mbali mkulu wa kampaniyo. Ndinapinda pepalalo n'kuyang'ana pakhoma. Pali chiwongolero chakuda cha galimoto, chopachikidwa pa msomali. Alendo amayesa ndinali dalaivala. Ine sindinayendetsepo ngakhale thirakitala. Ndi cha achimwene anga.

Iwo ndiwo anayamba kubwera kuno ku Kafue, dziko litangolandira ufulu. Anagwirako ntchito ku njanji, kenako anaphunzira kuyendetsa malole a anthu amene ankamanga mafakitale. Atakhazikika ananditumizira uthenga kumudzi kuti ndisiye ng'ombe ndibwere. Ndinafika ndili ndi ndevu kale, koma dzina langa sindinkatha kulilemba. Tauni yonse inkanunkha simenti. Nyumba za kudera latsopano la Estates zinkamera ngati bowa, sayilini ya fakitale ikalira m'mawa msewu wonse unkadzaza njinga ndi maovololo atsopano. Ndinapeza ntchito yosenza matumba ku fakitale ya feteleza, ndipo ndinkagona kwa achimwene ku komboni ya Nangongwe, m'kachipinda kamodzi ndi makala a alamu anga. Masiku amenewo tinkaona ngati chilichonse chimene chikumangidwa ndi chathu.

Vuto lathu anthu a kummawa linali maliro. Munthu akafa ankayenera kukagona kwawo, pafupi ndi makolo ake, ndipo kwathu ndi kutali, kuwoloka mtsinje wa Luangwa n'kupitirirabe. Eni malole ankatchula mtengo ataona misozi. Tinali ndi bungwe la maliro, aliyense ankasonkhako kumapeto kwa mwezi. Wapampando anali mdala wina wa ku njanji, wamfupi, wosaseka wamba. Tsono mzungu wina womanga nyumba ankabwerera kwawo, ndipo ankagulitsa vaneti yake, galimoto yokhala ndi bodi kumbuyo. Thumba la bungwe silinakwane, choncho ena anawonjezera zam'matumba mwawo.

Titaigula, funso linabuka: kodi ndi ya yani? Palibe amene anagawanapo galimoto. Chimene tonse tinkachidziwa ndi kagawidwe ka ng'ombe. Kwathu ikaphedwa, chifuwa chili ndi mwini wake, mwendo uli ndi mwini wake, abusa amadziwa kuti zam'kati ndi zawo, ndipo palibe amene amatambasulira dzanja pa nyama ya mnzake. Tinachita zomwezo. Tinaizungulira vaneti ija pansi pa mtengo wa mango, wapampando akuloza ndi ndodo. Injini, popeza ndiyo mtima, inapita kwa bungwe limene linapereka zambiri. Bodi anatenga mdala wina wa Chitonga wogulitsa nsomba, amene sanali wa kwathu koma anakwatira kwathu. Matayala anagwera mnzathu wa ku fakitale ya nsalu. Ine ndinapereka zochepa, ndinalandira nyale zakutsogolo. Wina amene anapereka zochepetsetsa anamupatsa hutala. Achimwene anagulitsa njinga ndi wailesi yawo, ndipo anati, "Ine nifuna chabe sitelingi." Mwini chiwongolero ndiye woyendetsa. Lamulo linali limodzi: chako chikawonongeka, konza wekha, ndipo cha mnzako usachikhudze.

Zinali zaka zabwino. Loweruka masana ndinkapukuta nyale zanga ndi nsanza mpaka kudzionera nkhope. Pakakhala palibe maliro, vaneti inkanyamula nsomba kupita ku Lusaka kuti mafuta apezeke, ikabwera alamu ankatsuka bodi ndi phulusa ndi mandimu kuti womwalira asadzapite kwa makolo akununkha ngati doko. Achimwene ankaidziwa galimoto ija ngati mkazi wawo. Pa mapiri a ku Luangwa ankaima pamwamba, n'kuipumitsa, n'kuimwetsa madzi, akuisisita ndi kuilankhula. Anthu ankati maliro onyamulidwa ndi iwo safika mochedwa.

Koma galimoto si ng'ombe. Matayala ankatha msanga, ndipo mwini wake anayamba kubisala akamva injini ikubwera.

"Ba hutala, imwe mwagulapo chani chaka chino?" anafunsa tsiku lina pamsonkhano.

"Nanga nilakwe ine kuti chinthu changa n'cholimba?" anayankha mwini hutala. "Muuzeni dalaivala aleke kuponda miyala."

"Miyala siimva hutala yako," anatero achimwene, anthu n'kufa nazo kuseka. Koma wa matayala sanaseke.

Nthawi imeneyo ndinali nditayamba sukulu ya akulu, imene tinkalowa tikaweruka. Tinkakhala pa timipando ta ana, mawondo akugunda desiki. Aphunzitsi athu anali mnyamata wa tayi, wokonda kubweretsa nyuzipepala kuti tiziwerengera pamenepo. Tsiku lina anatsegula tsamba la zamalonda n'kutionetsa dzina la kampani yomwe inapanga vaneti yathu. Anati kampaniyo ilibe mwini mmodzi. Ili ndi eni ake ambirimbiri, ogula magawo otchedwa masheya pamsika wake. Ena ndi a m'kati, banja la amene anaiyambitsa ndi mabwana oiyendetsa tsiku ndi tsiku. Ena ndi mabungwe akuluakulu osunga ndalama za anthu, amene sanagwirepo sipanala.

Ndinakweza dzanja. "Nanga injini ndi ya ndani, aphunzitsi? Ya a m'kati kapena ya mabungwe?"

Kalasi yonse inaseka. Aphunzitsi sanaseke kwambiri. Anati palibe mwini injini kapena mwini tayala. Aliyense ali ndi pang'ono pa chilichonse, ngati mchere m'ndiwo: sungaloze kuti uli apa. Phindu amagawana molingana ndi masheya, zowonongeka amasenzerana chimodzimodzi, ndipo pakakhala nkhani, mawu a munthu amalemera molingana ndi gawo lake.

Ndinathamangira kunyumba ngati ndatola chikwama. Ndinawafotokozera achimwene tikudya nshima, ndikujambula ndi chala pa tebulo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Chimene chinawagwira mtima si nzeruyo kwenikweni, koma kuti ikutuluka m'kamwa mwanga, ine amene anandichotsa kubusa. Pamsonkhano wotsatira ndi iwo amene anaimirira.

"Mufana wanga waphunzira manje," anatero. "Mumvereni. Azungu amene anapanga motoka iyi sagawana monga nyama."

Ndinaimirira n'kufotokoza za masheya zija. Wa matayala anavomera ndisanamalize n'komwe. Mwini hutala anadandaula, koma anagonja. Wapampando anangofunsa funso limodzi: "Ndiye kuti bungwe, limene linapereka koposa theka, mawu ake ndi olemera koposa theka?" Ndinati inde. Anagwedeza mutu movomereza. Kuyambira tsikulo nyale sizinalinso zanga ndekha, ngakhale ndinkazipukutabe. Matayala atsopano anagulidwa ndi thumba la tonse, ndipo mikangano inatha. Mumsewu anthu anayamba kunditcha "ba masheya", ine n'kumayenda ngati kalaliki.

Tsoka linabwera m'dzinja lina. Mayi wina wachikulire wa kwathu, mlongo wake wa wapampando, anamwalira mwadzidzidzi. Tsikulo achimwene anali atapita ndi nsomba ku Lusaka. Ogula anachedwa, ndipo iwo, pofuna kuti asabwere ndi bodi yopanda kanthu, anavomera kukasiya katundu wa munthu wina kupitirira Lusaka. Kumeneko mvula inawatsekera njira m'matope. Kuno maliro anadikira, anadikira, mpaka sizikanathekanso. Mayi aja anaikidwa kuno ku Kafue, pakati pa alendo, pamene galimoto imene anasonkhera zaka zonsezo inali m'matope kwina.

Msonkhano unachitika pansi pa mango womwewo. Achimwene anapepesa atavula chipewa. Anati ankafunira bungwe mafuta, osati m'thumba mwawo, ndipo aliyense ankadziwa kuti akunena zoona. Mdala wa nsomba anawaikira kumbuyo. Wa matayala nayenso. Koma a bungwe anali atapangana kale kuti pafunika dalaivala wina, amene azikhala pafupi ndi kumvera.

"Sitelingi ni yanga," anatero achimwene. "Munaloza na ndodo yanu, ba mudala. Cha munzako usachikhudze."

Wapampando anatembenukira kwa ine. "Iwe wa sukulu, tiuze. Uko kumene amapanga magalimoto, oyendetsa a m'kati akalakwa, mabungwe amatani?"

Mango anali akugwa nyengo imeneyo, ndipo limodzi linagwera pa bodi. Ndikukumbukira phokoso lake. Maso onse anali pa ine, a achimwene okha anali pansi. Zimene anandifunsazo ndinkazidziwa, aphunzitsi anatiuza, ndipo ine mwini ndinali nditazilalikira m'misewu yonse ya Nangongwe.

"Amatha kuwachotsa," ndinatero.

Pokweza manja ndinakweza langa kumbali ya achimwene, ndinalikweza mpaka phewa kupweteka. Tonse amene tinkakwera ndi kukonza galimoto ija tinali mbali imodzi, ndipo pa kuchuluka kwa manja tinali ambiri. Koma manja sankawerengedwanso. Gawo langa linali laling'ono, la mtengo wa nyale basi. Wapampando anakweza dzanja limodzi m'malo mwa bungwe, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Achimwene sanakangane. Anatsegula chitseko, anatulutsa sipanala pansi pa mpando, n'kuyamba kumasula nati ya pakati pa chiwongolero. Wina anafuna kuwaletsa, koma wapampando anati, "Asiyeni." Anachikoka, anachikolekera pamkono ngati mtanga, n'kunena kuti, "Lamulo lanu latsopano nalimva. Koma ichi ninagula lamulo lisanabwere." Anapita kunyumba wapansi. Bungwe linagula chiwongolero china kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Lusaka, ndipo dalaivala watsopano anali munthu wofatsa amene kale ankawathandiza achimwene kumanga katundu.

Achimwene sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanatero. Anapeza ntchito yoyendetsa lole ya ku fakitale ya nsalu, ndipo ankandifunsabe za sukulu. Nditakhoza mayeso anandigulira cholembera. Kungoti sanabwerenso kumisonkhano, ngakhale zopereka zawo za mwezi sizinaphonye, alamu ndiwo ankapita nazo. Vaneti ikadutsa pakhomo, ankatchera khutu n'kunena chapansipansi kuti, "Aipha na giya, uyo." Ine ndinasiya kupukuta nyale.

Patapita zaka, mafakitale atayamba kuchepetsa anthu ndipo sayilini ikumveka ngati yatopa, achimwene anadwala chifuwa, n'kutisiya. Vaneti inali itakalamba, utoto utasuluka, zitseko zikumangidwa ndi waya, koma inkayendabe. M'mawa wa ulendo wokawaika kumudzi dalaivala uja anabwera kunyumba ya maliro, anagwada pamaso pa alamu, n'kupempha chinthu chimodzi. Alamu analowa kuchipinda, anatuluka nacho chokulunga m'chitenje. Iye anamasula chiwongolero cha ku Lusaka chija, n'kubwezerapo cha achimwene. Wapampando, amene tsopano ankayenda mogwiridwa mkono, anaona zonse ndipo sanaitanitse msonkhano.

Ndinakhala kutsogolo ulendo wonsewo. M'mbali mwa chiwongolero munali mosalala, mowala, momwe zikhatho zawo zinkagwira, ndipo dalaivala ankagwira pansi pake pang'ono. Pamwamba pa mapiri a ku Luangwa anaima popanda womuuza. Tinatsika tonse, tinaimwetsa madzi, tinadikira kuti izizire. Tinafika kumudzi dzuwa lisanalowe, manda atangomaliza kukumbidwa.

Titabwerako, alamu anandipatsa chiwongolerocho. Anati, "Tengani, alamu. Anali kunena kuti ndimwe mudziwa za magawo." Mpaka lero sindidziwa ngati achimwene ananena mawuwo monyadira kapena mwanjira ina, ndipo alamu nawonso anapita ndisanalimbe mtima kuwafunsa.

Vaneti inathera kuseri kwa nyumba ya mdala wa nsomba, nkhuku zikuikira mazira pa mpando. Bungwe lidakalipo, koma ana athu amaikidwa konkuno. Nkhani ya kampani ya kutsidya kwa nyanja ija ndaisunga pansi pa mtsamiro, ndawauza aneba kuti pepala lotsatira asakulungire kanthu ndisanalione. Ndikufuna kudziwa ngati mkuluyo amuchotsa, ndi chimene atuluke nacho m'manja.