Mphuno Zofiira za a Epifanio

A Epifanio ankakhoma mabwato kwathu ku Barra do Socó, ndipo matama awo ankaposa a tambala. Bwato lawo unkalidziwa likadali kutali: mphuno yaitali yopindikira kumwamba, yopaka penti yofiira. Bambo awo ankakhoma choncho, iwonso choncho. Msodzi akapempha kuti afupikitseko mphunoyo poti imakola mphepo, ankalavula pansi.

"Ukufuna beseni iwe? Pita kwa wokhoma zidebe."

Ine ndimagulitsa nsomba padoko, moyang'anana ndi shedi yawo, ndiye mawu amenewa ndinawamva mpaka kutopa nawo.

Chaka china kampani yopanga zida za nkhondo inamanga mpanda kutsidya kwa mtsinje. Inabweretsa chigalimoto cha mipope kumsana, choponya mizinga. Chinthucho sichinkafuna munthu wochilozera. Chinali ndi maso akeake, chinkayang'ana panyanja, kusankha chokha choti chiphe, n'kuponya. Koma chinkafunika kuzolowera kaye maonekedwe a mdani, ndiye injiniya wa kampaniyo anabwera kwa a Epifanio kudzapempha zoyandama zoti aziwomberapo.

"Matabwa okhoma pamigolo basi, amisiri. Zikaphulitsidwa ndithu."

"Bwana, chochoka m'manja mwanga sichilowa m'madzi chili chochititsa manyazi. Anthu aziti Epifanio wayamba kukhoma zitseko?"

Anawakhomera mabwato enieni, mphuno yofiira ili njo! Injiniya anangoseka, nati bola aziyandama.

Tsiku loyesa mizinga, nyanja ankaitseka, ife n'kukwera pachitunda kukaonerera. A Epifanio ankabwera atavala malaya oyera, botolo la kachasu lili m'khwapa. Mzinga ukang'amba bwato pakati, ankaomba m'manja.

"Mwaona? Ngakhale makina amalidziwa bwato labwino!"

Masiku otseka nyanja anachuluka, m'nyumba zambiri munayamba kugona njala. Josimar, mwana wamwamuna yekhayo wa a Epifanio, anali msodzi wa banja lake. Mmawa wina anauza mkazi wake Zuleide kuti ana sangamangodya ufa wa chinangwa wouma, akaponya ukonde kunja kwa malire, kumene kampani sinaletse. Anapita pa bwato limene bambo ake anamukhomera atakwatira.

Tinali pachitunda monga mwa nthawi zonse. Mzinga unatuluka ndi chiphokoso chake, unakhota, patali panabuka moto. A Epifanio anaomba m'manja. Ndinawaona ndi maso angawa, anaomba mpaka kudumpha.

Kenako wina analoza. "Nanga lowomberapo lija si ilo likuyandama apo?"

Linalidi pomwepo, lathunthu, mafunde atalitembenuza mphuno kuloza kwina. Makina anafuna mphuno yofiira, ndipo anaipeza.

Kampani inati msodzi analowa m'madzi oletsedwa. Tinaika m'manda bokosi lopepuka, ndipo chigalimoto chija chinatsala kutsidya, maso ali panyanja. Apa m'pamene aliyense anakumbukira kuti mabwato onse a padoko pathu anachokera mu shedi imodzi.

Litapita tsiku la maliro, tinadzutsidwa ndi macheka. Amuna ankadula mphuno za mabwato awo, potsalapo n'kupaka penti iliyonse imene yapezeka, mabwato n'kusanduka zinthu zonyansa zedi. Kenako anasenza mphunozo kukaziunjika pakhomo pa a Epifanio. Gervasio, mnzake wa Josimar, ndiye anagogoda.

"Odi amisiri! Landirani katundu wanu. Ife tikufuna mabeseni."

Ena anaseka. Inenso ndinaseka, ndipo sindinamve chisoni, poti mwamuna wanga amapitanso panyanja pomwepo.

A Epifanio akadali moyo, koma palibe amawapatsa ntchito. Amakhala pampando pafupi ndi mulu uja, umene ukuchepa pang'onopang'ono. Zuleide akafuna kukazingira ana nsomba, amabwera osapereka moni, kutola mphuno imodzi, n'kuiwaza ndi nkhwangwa pamaso pa apongozi ake. Amati palibe nkhuni zoyaka bwino ngati zimenezo, poti mtengo amisiri ankadziwa kusankha.