Anaotcha chisakasa cha asodzi kuti ine ndikapume bwino

Loweruka lapitali ndinathawa phokoso la pa boma pano. Ndinatopa ndi mabelu a kabaza ndi mafoni a ku ofesi, ndiye ndinakwera minibasi mpaka kupitirira Ngara. Mnzanga anali atandiuza za kachilumba kena kopanda nyumba, kopanda munthu, ka miyala, mitengo ndi mbalame basi.

Amene anandiolotsa ndi a Msiska, msodzi wa imvi, wosakonda kuyankhula. Nditaona akulowetsa mtolo wa nkhuni m'bwato, ndinaseka. "Kodi a Msiska, tikukaotcha mbuzi?" Iwo anangogwira nkhafi n'kuyamba kupalasa.

Kachilumbako n'kokongola, ndisaname. Madzi ali mbee, nsomba kuoneka mpaka pansi. Ndinagona chagada pamwala, mtima n'kukhala pansi.

Koma a Msiska anangoima chilili, nkhuni zili paphewa, akuyang'ana phulusa lomwe linali pansi pa mtengo.

"Apa panali chisakasa chathu, adada," anatero. "Mwera ukakugwira pa nyanja, umathawira pano. Umapeza nkhuni zouma, machesi mu botolo, na mchere. Ukagwiritsa ntchito, ulendo wina umabweza. Takula nazo zimenezi."

"Nanga chapita kuti?"

"Anaotcha. Akuti malo ano anatenga bwana wina wa ku Lilongwe, azibweretsa alendo. Alendo safuna kuona chisakasa, yayi. Amafuna pomwe sipanapondepo munthu."

Manyazi anandigwira, owerenga anga. Mlendo wosafuna kuona chisakasayo ndi ine ndemwe. Ndikadachipeza chilipo, bwenzi nditachipatsa msana pojambula zithunzi, n'kumadandaula kuti asodzi aononga malo.

Ife a mataye tili ndi matenda. Tikatopa ndi anthu, timafuna malo opanda munthu, ndipo sitifunsa kuti munthuyo wachotsedwa bwanji. Kodi kuno kwathu alipo malo opanda eni ake? Gombe lomwe mukuliona lili mbuu ndi pomwe amayi amayanika usipa. Mwala womwe mukuti ngwa mbalame zokha unapulumutsa abambo ake a munthu.

Chimene chikundiwawa n'chakuti amene anasaina mapepala a malowa sanagwidwepo ndi mwera. Sadziwa kuti mkono umafa bwanji pa nkhafi, mtunda ukuoneka koma osaufika. Anangoona kadontho pa mapu, n'kuti apa palibe munthu. Asodzi sanafunsidwe. Ndani angafunse munthu wonunkha nsomba?

A Msiska anakankhira nkhuni zija m'phanga la mwala, n'kutseka ndi zitsamba ngati akubisa katundu wakuba. Anandiuza kuti mwana wawo woyamba, bambo wa ana awiri, amaponya maukonde mbali yomweyo. Mlonda wa bwana uja, yemwe amabwera pa boti la injini, anachenjeza kale kuti bwato lililonse lomwe adzalipeze litakocheza adzalilanda. Ndipo mwera wa chaka chino wayamba kale kuomba.

"Akathawira pano amulanda bwato. Akapanda kuthawira pano, nyanja imulanda," anatero a Msiska. "Ine ndimuuze chani?"

Ankafunsa ine, amene ndimalemba maganizo anga sabata iliyonse ngati wodziwa zonse.

Tsono ndikufunseni inu amene mukusunga kale masiku a tchuthi kuti mukapume kumeneko. Tsiku lomwe mwana wa a Msiska adzatulukire m'mafunde, bwato litadzaza madzi, inu muli gone pamwala, mudzamugwira mkono, kapena mudzaitana mlonda kuti wina akukusokonezani?