Zala Ziwiri Pamwamba pa Bondo

Dzuwa la tsiku limenelo linali la mu Okutobala, lija lotentha ndi mthunzi womwe. Pa Liwonde panalibe ngakhale kamphepo. Nyenje zinkalira m'mitengo osapuma, madzi ankakokoma pa baraji yotchinga mtsinje, ndipo amayi ogulitsa nsomba ankaitana ogula m'Chiyao ndi m'Chichewa, mawu atasasa. Kutali sitima inalira kawiri. Zonsezi ndimazikumbukira chifukwa ndinali nditagwada m'fumbi, ndipo munthu wogwada pakati pa anthu amatchera khutu ku china chilichonse kuti asamve kuseka.

Ndine telala. Zaka zimenezo makina anga anali pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Balaka. Nsalu ndinayamba kuikonda ndisanadziwe kukonda munthu. Mpukutu watsopano ukafika, ndinkapempha kuti ndiutsegule ndine, kungofuna fungo lake. Akazi anga, amene tsopano anatsogola, anali ndi nthenda yomweyo. Tsiku loyamba kuwaona anaima pa makina anga, natenga bulauzi imene ndinali nditangomaliza, nati, "Atelala, kolala iyi yapendama. Kapena mwini wake ndi wokhota khosi?" Inalidi yopendama. Ndinaisasula n'kuisokanso, ndipo chaka chisanathe tinamanga ukwati ku tchalitchi.

Loweruka lililonse mayiwa ankayenda sitolo ndi sitolo osagula kanthu. Ankatsina nsalu, kuifinya m'dzanja, kuitambasula kuti aone ngati yakwinyika, kenaka kuiika patsaya. Akaona mkazi wa mphunzitsi kapena wa kalaliki atavala chachilendo, ankabwera kudzandijambulira pansi ndi chala: apa mabatani, apa popindapinda, kolala ikhale yozungulira. Ena ku mpingo kwathu ankati ndi matama. Ine ndinkati Mulungu amene anaveka maluwa a kuthengo sangaipidwe ndi kolala yozungulira.

Lamulo la zovala litabwera, atelala tinalimva msanga. Mkazi asavale thalauza, ndipo akaimirira bondo lisaoneke. Ine sindinatsutse, sindine munthu wa mikangano. Ndinkayeza mpaka pansi pa bondo, n'kusiyanso mpendero waukulu mkati kuti wina akadandaula tingoutsitsa. Ngakhale anyamata a malaya ofiira, amene ankalondera malamulo otere m'misika ndi pokwerera basi, malaya awowo ankasoketsa kwa ine. Ndinkawasokera bwino, kubwereza msoko m'makona a thumba monga ndimachitira ndi malaya a munthu aliyense.

Mng'ono wa akazi anga anali woti akwatiwe ku Ngokwe mu Julayi. Tinasankha kirimpulini wa buluu, nsalu yolemera yosakwinyika. Ndinasoka diresi la manja ofika pachigongono, kolala yoyera, mabatani asanu ndi limodzi okutidwa ndi nsalu yomweyo. Pa ntchito yanga yonse sindinasokepo lina lokongola chotero. Nthawi imeneyo mayi anali ndi pakati pa miyezi inayi, mwana amene tinamudikira zaka zisanu. Ndiye kuchimuna kunagwa maliro, ukwati n'kusunthira mu Okutobala.

Tsiku likuyandikira ndinasasula m'mbali kuti mimba ikwane. Ndinawaimika pabwalo, ndinayang'ana kumbuyo, mpendero uli pamalo pake. Kutsogolo sindinayeze. Mimba imakokera nsalu m'mwamba, telala aliyense amadziwa, koma maso anga anali pa kolala. Galasi lalikulu tinalibe, ndipo iwo mawondo awo sankawaonanso. Cholakwa chimenecho ndi changa ndipo sindinachikanepo.

Popita ku ukwatiko tinatsika pa Liwonde kudikira basi ina. Njira yonse akazi anga anali atamanga chitenje pamwamba kuopa fumbi. Atatenthedwa anachimasula, nachikung'untha, nachipinda.

"Mangani, mayi, diresi lida," ndinatero.

"Ku Ngokwe alipo wodziwa nsalu? Alione apanowa, bambo. Munasokera sutukesi?"

Sipanapite nthawi. Anabwera anayi, a malaya ofiira. Mkulu wawo, amene anzake ankamutcha atcheya, anali mwamuna wa msinkhu wanga. Dzina lake sindinkalidziwa, koma khosi lake ndinkalidziwa, chifukwa ndinaliyezapo. Pa thumba la malaya ake panali msoko wanga wobwereza.

"Amayi, taimirirani. Mowongoka."

Anaimirira, atagwira m'chiuno.

"Aa, atelala, ndinu? Katunduyu ndi wanu?"

"Ndi akazi anga, atcheya."

"Ndiye lamulo simulidziwa, inu osoka?"

"Ndimalidziwa. Ndi oyembekezera, nsalu yangokwera. Amanga chitenje pompano."

"Iyayi, chitenje chisiyeni. Tepi ili kuti? Telala sayenda wopanda tepi."

Ankanena zoona. Inali m'thumba la jekete. Ndinaitulutsa.

"Gwadani muyeze bwino, tonse tione."

Ndinagwada. Anthu anasiya nsomba, anasiya katundu wawo, nabwera kudzatizinga. Ndinayeza. Kutsogolo diresi linaperewera zala ziwiri. Mkuluyo anandiuza kuti ndiwatembenuze, ndiyezenso kumbuyo.

"Kumbuyo kuli lamulo, kutsogolo kulibe," anatero mmodzi wa anyamatawo, anzake n'kuseka.

"Mimbayo yadya nsalu. Atelala, mumaidyetsa chiyani?"

Mkuluyo anasolola lezala m'chipewa, nandipatsa. "Sasulani. Paja mumasiya zambiri mkati."

Mpendero umenewo ndinausoka pamanja masiku awiri, kutola ulusi umodziumodzi wa nsalu kuti msoko usaoneke kunja. Ndinausasula pamenepo ndi lezala ladzimbiri, kuzungulira akazi anga chogwada, ngati mbuzi pachikhomo. Iwo anaika dzanja pamutu panga kuti asagwe. Nsalu inatsika yokhotakhota, ulusi ukulendewera. Mkuluyo anawauza kuti ayende mpaka pa mtengo wa mlambe n'kubwerera, kuti anthu aone kuti tsopano avala. Anayenda. Mzimayi wa miyezi isanu ndi iwiri, padzuwa limenelo.

Atabwerera, mkuluyo anatambasula dzanja kufuna lezala lake. Ndinamupatsa ndi manja awiri. Ndinati, "Zikomo, atcheya."

Mawu amenewo andiwotcha kuposa china chilichonse. Palibe anandiuza kuti ndithokoze. Anangotuluka okha, monga ankatulukira kwa tonsefe masiku amenewo.

Pa gulu lonse lija munthu mmodzi yekha ndiye anasuntha, mayi wachikulire wogulitsa matemba, wa mpango kumutu. Anatola chitenje chija, nawamanga nacho akazi anga, nati m'Chiyao, "Kwende, mwanangu," ndiko kuti tiyeni mwana wanga, nawakhazika pamthunzi pafupi ndi lichero lake. Amuna tonse tinayang'ana pansi.

Ku ukwati tinafika. Mayi anakhala kukhitchini masiku onse awiri, chitenje mpaka m'mapazi. Titabwerera ndinapempha diresilo kuti ndilikonze. Anati, "Lisiyeni," nalipinda, naliika pansi pa sutukesi.

Mwana anabadwa bwino, wamkazi. Ndinkaganiza kuti zidzatha. Sizinathe. Loweruka mayi ake sanapitenso m'masitolo. Ndikabwera ndi kachidutswa ka nsalu yatsopano kuti aone, ankakayang'ana ali patali, nati, "N'kabwino," osakakhudza. Zimene ndinkawasokera ankavala, koma chitenje pamwamba nthawi zonse, chomangira pachifuwa ngati agogo, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu zokha. Kolala yanga ikapendama panalibenso wondiuza. Tsiku lina ndinaipendamitsa dala. Anaiona, ndikudziwa anaiona, koma sananene kanthu.

Ndimakwiya ndikamva anthu akuti, "Komatu sanakumenyeni, sanakutsekereni." Inde, ena anaona zoopsa kuposa ife, ndipo sindidziyerekeza nawo. Koma ndiye munthu aziyamika kuti anangomulanda kuseka kwa mkazi wake? Lamulo linkafuna bondo lobisika. Chitenje chinali m'manja, akanamanga nthawi yomweyo, lamulo likanakhuta. Anyamata aja sankafuna lamulo. Kunkatentha, basi inachedwa, ndipo ankafuna chosekera. Amayi aku mpingo atamva, ena anati, "Paja tinkanena." Awonso ndinawaika pamodzi ndi anyamata aja mumtima mwanga.

Malaya ofiira ndinapitiriza kusoka. Ndikanakana bwanji? Koma m'makona a thumba sindinabwerezenso msoko. Kubwezera kwanga konse kunali kumeneko, zaka zonsezo: matumba othothoka msanga. Ku tchalitchi ndinkapita Lamulungu lililonse, ndipo pemphero likafika pa mawu okhululukira otilakwira, ndinkatseka pakamwa, n'kuyambiranso patsogolo pake. Mulungu sindinkafuna kumunamiza.

Mayi anamwalira mwana wathu ali sitandade seveni, atadwala miyezi itatu. Amayi osambitsa maliro anandifunsa chowaveka. Ndinatsegula sutukesi, ndinalipeza diresi lija momwe analiikira, ulusi ukulendewerabe, fumbi la pa Liwonde lili m'mphepete. Sindinathe kuwaveka. Ndinapereka lina.

Pambuyo pake ndinasamutsira makina ku Ulongwe, kufupi ndi mlongo wanga kuti azindithandiza kulera mwana. Lamulo lija linali likadalipo. Mmawa wina, nyengo yokolola chimanga, panaima bambo wonenepa ndi mtsikana woyembekezera. Malaya ofiira analibe, tsitsi linali litayamba imvi, koma khosi ndinalizindikira.

"Atelala, mwadzuka bwanji? Akuti wodziwa madiresi kuno ndinu. Uyu ndi mwana wanga, mimba yoyamba. Mumusokere labwino, apite nalo kwa apongozi ake."

Anatulutsa nsalu yobiriwira ya maluwa ang'onoang'ono. Ndinayeza mtsikanayo.

"Kutsogoloku muwonjezereko," anatero bamboyo. "Mimba imakoka nsalu. Anyamata amasiku ano alibe ulemu, angamuchititse manyazi panjira."

Ndinaimika tepi. "Zimenezi munaphunzira kuti, bambo?"

"Aa, timangoona. Ifenso tinagwirako ntchito imeneyo kale."

"Pa Liwonde?"

"Liwonde, Ntaja, konsekonse. Munali kumeneko?"

Ndinamuyang'ana m'maso. Sankanamizira. Sankandikumbukira. Tsiku limene linatidyera nyumba, kwa iye linali Lachisanu wamba.

"Ndinkasoka ku Balaka," ndinatero.

"Eya, n'chifukwa chake nkhope ikubwera. Amayi ali bwanji kunyumba?"

"Anatisiya."

"Pepani, pepani ndithu. Ndi njira ya tonse." Anapukusa mutu, nafunsa tsiku lodzatenga.

Atachoka ndinayala nsalu pathebulo. Ndinalemba ndi choko mzere woyenera, wotsika kutsogolo. Kenaka ndinalembanso wina pamwamba pake. Ndinadziwa kuwerengera kwake: lero likanakwana bwino, bambo ake akanayamika, koma pakatha miyezi iwiri likanakwera zala ziwiri pamwamba pa bondo. Wondiimba mlandu sakanapezeka, akanati ndi mimba. Ndinkafuna kuti aime pa siteji ya basi, aone mwana wake akuyendetsedwa padzuwa, alandire lezala m'manja mwa kamnyamata kosadziwa n'komwe kuti iye anali ndani. Ndinkafuna ndimve kuti nayenso anati zikomo.

Nsaluyo inakhala masiku atatu ndi mizere iwiri. Ndinasoka mayunifolomu, ndinaika zigamba, ndikuilambalala. Sizasi ndinaiikapo kangapo pa mzere wapamwamba.

Tsiku lachinayi mtsikana uja anabwera yekha, akuchokera kuchigayo. Anagwada pakhonde, nati, "Abambo, pepani. Tsiku lija ndinaopa kunena pamaso pa ababa. Kolala ingakhale yozungulira? Ndinaiona kwa aphunzitsi ena." Anayamba kujambula pansi ndi chala. Atamaliza anatambasula dzanja, natsina nsonga ya nsalu yake, naifinya, naiika patsaya.

"Mizere iwiriyi ndi ya chiyani?" anafunsa.

"Wina ndinalakwitsa."

Ndinaufufuta ndi chikhatho iye akuona. Ndinadula pa mzere wapansi, ndinawonjezeranso chala chimodzi. Mpendero ndinasoka pamanja, masiku awiri, wosaoneka kunja. Kolala inatuluka yowongoka.

Bamboyo atabwera kudzatenga, analitembenuza uku ndi uku, nati, "Manja anu ndi odala, atelala." Sindinamuuze kanthu. Akanapepesa bwanji chinthu chimene sakuchikumbukira, ndipo kupepesako kukanapita kwa yani? Woyenera kukumva anali kumanda ku Balaka.

Mkwiyo sunachoke tsiku limenelo, ndisaname. Mpaka lero nyenje zikayamba kulira mu Okutobala ndimaumva m'mawondo. Koma Lamulungu lotsatira pemphero lija ndinalinena lonse, osadumpha mawu. Ndinawatchula mumtima mmodzimmodzi: mkulu uja, anyamata ake atatu, amuna amene anaima n'kumaonerera, ndi amayi aja anati paja tinkanena. Ndinawakhululukira.