Msuweni wanga wa ku Thailand pa maliro a azakhali

Mboni zanga ndi zitatu, zonse zamoyo: wokazinga tchipisi pa siteji ya Nathenje, mayi wachisilamu wogulitsa zitenje pomwepo, ndi mkazi wanga, amene chikwatiraneni sanandivomerepo kanthu koma pa nkhani iyi amangoti eya.

Azakhali atamwalira kwathu kuseri kwa Mitundu, thupi linakhala kumochale kudikira mwana wawo mmodzi yekhayo, msuweni wanga. Tinakula tikuweta mbuzi limodzi, tonse m'makabudula. Iye anapita ku Joni, kenako ku Thailand, kumene amaluka tsitsi azimayi okaoda zovala. Anachoka mudzi ukumuti mnyamata. Amene ndinakamutenga pa njinga yamoto ku Nathenje tsiku loika maliro anali mkazi, wamtali, tsitsi lofika pa nambala ya njinga. Wa tchipisi anayang'ana mpaka mbatata zinapserera, anazigulitsa ngati makala a ku Dzalanyama. Ndikulumbira. Mayi wa zitenje sanafunse kanthu, anangomusankhira chakuda n'kumumangira yekha.

M'njira ndinafunsa za ku Thailand kuti fumbi lisatigoneke.

"Asuweni, onga ine kuja ali mbwee," anatero. "Amatitcha kathoey. Wina akugulitsa mankhwala, wina ali pa TV, ena akupikisana kukongola. Palibe amatembenuka."

"Ndiye kumwambatu kumeneko?"

"Ayi. Chitupa chimanenabe kuti bambo, ndipo maofesi ena sakulemba ntchito. Koma sugendedwa. Inu thamangani, ndikaone nkhope ya mayi asanakhome."

Pagalasi ndinaona njinga ziwiri zosanyamula munthu kumbuyo zikutitsatira. Titadutsa msika wa Mitundu zinali zambiri moti fumbi lawo linaphimba dzuwa, nkhuku zinayamba kulowa m'khola. Anali anyamata a kabaza. Sanaimbe belu, sanaseke. Ankangotsatira.

Kumudzi tinapeza amuna pa mabenchi pansi pa mango, ataona kale nkhope. Akazi anali m'nyumba ya siwa, akuimba mozungulira bokosi. Pakhomo panaima kalipentala, hamala m'manja, misomali kukamwa. Abambo anga aakulu, eni mbumba, anadzuka tisanatsike n'komwe.

"Mlongo wanga anabereka mwamuna," anatero osamuyang'ana. "Avule zimenezo, akhale pa benchi. M'nyumba salowa."

Kwathu kuli mwambo. Mwamuna akafika pamaliro amavula chipewa n'kukhala pansi. Mkazi amayambira kulira panjira, a m'nyumba amalandira kulirako, wina n'kutuluka kudzamugwira m'chiuno mpaka mkati. Wolandiridwa choncho satulutsidwa ndi munthu. Koma kuti mkazi alire osalandiridwa, ine ndinali ndisanamvepo.

Msuweni wanga anaika chikwama pansi, manja kumutu.

"Mayi ine! Mayi wanga ine! Mwandisiya ndi yani?"

Nyimbo inaduka. M'nyumba munangoti zii. Chete wake anali woti ndinkamva chiswe chikudya tsindwi la nyumba yachitatu kuchokera pomwe ndinaima, ndipo sindikuwonjezera. Anyamata aja anali atatsamiritsa njinga zawo pa uvuni wa njerwa. Ndinaona mmodzi akuwerama kutola njerwa, kenako wina. Abusa anayamba kufunafuna vesi lomwe silinkapezeka.

Msuweni wanga analiranso, mawu akusasa, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa bwalo pomwe si pa amuna kapena pa akazi. Kalipentala analavulira misomali m'dzanja.

Ndiye mkati munamveka liwu limodzi lokalipa ngati chitseko cha malata: "Mayo! Mayo mwana wafika!" Anali mkazi mnzawo wa azakhali, wamng'ono pamitala, amene sanalankhulane nawo chiyambire mkangano wa dimba ine ndili ku pulayimale. Wina analandira, kenako nyumba yonse inabuma. Mayiyo anatuluka chitenje chikukwekwereka, namugwira m'chiuno.

"Bambo," anauza abambo aakulu akudutsa, "uyu ndinamusinthapo matewera ine. Ngati mukumufuna, dzamutengeni nokha pamaso pa mlongo wanu."

Abambo aakulu anayang'ana khomo lija, anayang'ana amuna anzawo, nakhala pansi. Chipewa anachifinya mpaka lero sichikhala pamutu.

Ine ndinazungulira kuseri n'kusuzumira pawindo. Msuweni wanga anagwada, naphatikiza manja pamphumi monga amachitira ku Thailand, kenako anawakonza azakhali duku lomwe linapendekeka. Anakhala choncho nthawi yaitali, akazi atamuzinga moti kunja sakanamuona ngakhale chidendene.

Hamala itayamba kulira, ndinasuzumira kubwalo. Njerwa zinali zikadali m'manja mwa anyamata aja. Ndinakankha njinga osailiza mpaka kuseri kwa bafa, n'kuilozetsa kunjira ya m'madimba yotulukira ku Nathenje, makiyi ali pomwepo.