Tsitsi la Tiyamike

Amene anandipempha kuti ndipite ku Brazil anali mwana wa mayi amene ndinkawasamalira. Tinali m'khichini mwawo ku Greenwich, kumayambiriro kwa 2005, ine ndikutsuka makapu. Mayi akewo, Dona Iraci, mutu unali utasokonekera ndi ukalamba. Chingerezi chonse chimene anatola ku London chinali chitawathawa, kungotsala Chipwitikizi cha kwawo, ndiye mwana wawoyo anaganiza zowabweza ku São Paulo kuti akamalizire masiku awo pakati pa anthu owamva. Vuto linali manja. Mayiwo sankafuna a wina aliyense koma anga.

"Ndikudziwa kuti amakutsinani ndi kukukalipirani," anatero bamboyo. "Koma wina akamawasambitsa amangouma ngati thabwa, osatulutsa mawu, kenako tsiku lonse osadya. Tiyeni miyezi itatu yokha, mpaka azolowere munthu wa kumeneko."

Malipiro amene anatchula ndinachita kumufunsa kawiri. Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Thamesmead, m'fulati ya chinyontho, ine ndi mwana wanga Tiyamike wa zaka zisanu ndi zitatu. Bambo ake anali atapita ku Leeds kukafuna ntchito, n'kupezako ntchito ndi mkazi yemwe. Renti inkandidya wamoyo, ndipo kumudzi ku Thyolo ankaganiza kuti ku London ndalama timachita kusesa pakhomo. Ndinavomera makapu aja asanaume.

Mwanayo sindikanapita naye. Kunali sukulu, ndipo kumene ndinkapitako anandilonjeza kachipinda kamodzi. A Nachisale, mayi wa kumpingo kwathu amene ankakhala pansi pa fulati yanga ndi ana awo atatu, sanalole n'komwe kuti ndimalize kupempha.

"Pitani achemwali, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Miyezi itatu ndi chiyani? Mashifti a usiku aja munkamusiya kuti, si konkuno?"

Chimene ndinali kusiya chenicheni linali Lamlungu. Sabata yonse ine ndi Tiyamike tinkangosemphana, iye akupita kusukulu ine ndikuchokera kuntchito. Ndikamuyankhula Chichewa ankandiyankha m'Chingerezi, monga amachitira ana onse obadwira kuno. Koma Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndinkakhala pampando, iye pansi pakati pa maondo anga, n'kuyamba kumumasula tsitsi. Tsitsi lake ndi la kwa abambo ake, lolimba ngati waya. Chipeso chikangolowa, nkhondo yayamba.

"Mayo ine! Amayi, mukundizula!"

Chichewa chake chonse chinali chimenecho, ndipo chinkatuluka chokha, chosachita kupempha. Ankalira, ankandimenya pantchafu, ankalumbira kuti akadzakula adzameta mpala. Ine ndinkamugogoda ndi chipeso pamutu n'kumufunsa ngati akufuna kupita kusukulu atasenza chisa cha mpheta. Pakati pa kulirako m'pamene ndinkamvera zonse: amene wamulanda pensulo, mphunzitsi amene amamukonda, zimene analota za bambo ake. Mizere ikamatha amakhala atagona, tsaya lili pabondo langa.

São Paulo anandilandira ndi mvula yowaza ngati chiperoni cha kwathu, yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa. Nyumba yawo inali pamwamba pa chinyumba chosanjikizana, chozingidwa ndi zitsulo, pageti pali mlonda. Zikepe zokwerera m'mwamba zinali ziwiri. Tsiku loyamba lomwe mlondayo anangondiyang'ana nkhope n'kundilozera chakumbuyo, chonyamula zinyalala ndi antchito. Kachipinda kanga kanali kuseri kwa khichini, zenera lake loyang'ana khoma.

Mmawa unali wa Dona Iraci: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kulandira zotukwana zanga za tsikulo. Masana mdzukulu wawo ankabwera kudzakhala nawo, ndipo Lamlungu lonse linali langa. Poti kachipindako kanali kosakhalika, ndinayamba kuyenda. Ndinkakwera sitima ya pansi pa nthaka mpaka polekezera njanji, n'kutsika, n'kukwera basi iliyonse yandiimira. Sindinali kufuna kalikonse. Kwathu munthu amanyamuka ulendo chifukwa cha ntchito, maliro kapena ukwati, ndiye ndikanawauza a kumpingo kuti ndimangoyenda kuti ndione, akanandiyitanira mapemphero.

Mzinda umenewo ulibe mapeto. Tsiku lina ndinakwera pamwamba pa nyumba yayitali pakati pa tawuni kuti ndione pamene umathera, kaya ndi phiri kaya thengo. Kunalibe. Nyumba zotuwa zokhazokha mpaka pamene maso alekera, ndi ndege zazing'ono za anthu olemera zikuuluka kuchoka padenga lina kupita pa lina, kuti eni ake asaponde pamene timaponda ife. Pansi pake, kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu, anthu anali gonegone pamakatoni dzuwa likuswa mtengo. Ndinayenda m'dera la anthu ochokera ku Japan, la nyali zofiira m'mbali mwa msewu. Ndinafika kumene nyumba za njerwa zosapaka pulasitala zakwerana paphiri ngati ku Ndirande. Pamisika ya m'misewu ndinkagula chinangwa chokazinga ndi madzi a nzimbe ofinyira pomwepo, n'kumadya chiimire. Anthu akuda ngati ine anali ambirimbiri, moti palibe ankanditembenukira, kufikira nditatsegula pakamwa.

Ndinene zoona, ndinayamba kuukonda. Unali mzinda wosasamala za ine, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire cha Tiyamike ndinkayenda manja ali lende, popanda wondikoka chovala. Miyezi itatu itatha, Dona Iraci anali atakana amayi awiri amene anawabweretsera. Mwana wawo anaimba kuchokera ku London, nawonjezera malipiro. Sanavutike kundinyengerera. Miyezi ija inasanduka isanu ndi umodzi, kenako chaka chinadutsa ndili komweko. Ngongole ya renti inatha, kumudzi anafolera nyumba ndi malata, ndipo a Nachisale ndinkawatumizira zogulira chakudya mwezi uliwonse osaphonya.

Foni ndinkaimba Loweruka, pa makhadi aja okanda, amene ankatha munthu usanamalize moni. Masabata oyamba Tiyamike ankangolira ndi kundifunsa tsiku lobwera. Kenako kulirako kunachepa. Kenako mayankho ake anafupika: sukulu ili bwino, wadya, alibe chosowa. A Nachisale akatenga foni ankamuyamikira.

"Ayi achemwali, musadandaule. Mwanayu savuta ngakhale pang'ono. Wasintha zedi, salira n'komwe."

Ine chitsiru ndinkathokoza Mulungu.

Kuli msewu wina kumeneko umene anaumanga m'mwamba, pa zipilala, wodutsa pakati pa nyumba zogonamo anthu. Lamlungu amautseka kuti magalimoto asadutse, ndiye anthu amayendapo pansi. Mazenera a eni nyumbazo ali pafupi moti ungawapemphe mchere. Ndikuyenda pamenepo tsiku lina ndinamva mwana akukuwa. Nditayang'ana pazenera ndinaona mayi atakhala pabedi, kamtsikana kali pakati pa maondo ake, chipeso chili m'tsitsi. Kamwanako kankapalapata miyendo ndi kumenya mayi ake pantchafu. Ndinaima pomwepo ngati wakuba, mpaka mayiyo anandiona n'kukoka katani. Tsiku limenelo ndinalira mumsewu, anthu opalasa njinga akundilambalala.

Manja anayamba kundiyabwa. Pakati pa tawuni ndinapeza chinyumba cha timasitolo tambirimbiri, ndipo pansi pake panali amayi a ku Angola oluka tsitsi. Chipwitikizi changa chinali cha pamsika, koma nditaluka mutu umodzi n'kuwaonetsa, wamkulu wawo anangondikankhira mpando. Kuyambira pamenepo Lamlungu masana ndinkaluka ana a eni. Ankakhala phee m'manja mwanga, khosi chilili, maso ali pagalasi, ndipo amayi awo ankandiyamikira kuti ndili ndi dzanja lofewa. Dzanja langa ndimalidziwa, si lofewa. Anawo ankangoopa kulira kwa munthu wosamudziwa.

Dona Iraci anamwalira m'nyengo yozizira ya kumeneko, chapakati pa 2006. Mmawa wa tsiku lomwelo anali atanditsina pamkono chifukwa madzi anatentha. Anawaika mawa lake, mofulumira ngati kwathu, ndipo sabata yotsatira ndinali m'ndege, m'chikwama muli mikanda ya m'tsitsi ya mitundumitundu ndi mafuta onunkhira amene amayi a ku Angola aja anandipatsa.

Mpaka lero ndikakwera basi ya ku Woolwich yopita ku Thamesmead, ikamakhota pamene pamayambira mafulati a simenti aja, ndimakumbukira tsiku limene ndinabwerera. Zonse zinali pamalo pake: madzi obiriwira a m'ngalande, ngolo ya m'sitolo itatayidwa m'mbali, chikepe chonunkha mkodzo. Nditachokera kumzinda wopanda mapeto, kwathu ku Thamesmead kunandionekera kochepa, kongokwanira m'dzanja.

Kwa a Nachisale kunali amayi angapo a kumpingo odzandilandira. Tiyamike anatuluka kuchipinda atatalika, mizere yake yowongoka bwino. Ndinatambasula manja kuti andithamangire. Iye anayenda pang'onopang'ono, nagwada patsogolo panga, napereka dzanja atagwira pachigongono.

"Mwayenda bwanji, amayi?"

Chichewa chosalala, chopanda chilema. Amayi aja anaomba m'manja, wina mpaka nthungululu. "A Nachisale mwalera! Ana a kuno ndani amagwada?" Ndinaseka nawo, ndipo ndinathokoza a Nachisale kuchokera pansi pa mtima, chifukwa anamulera ngati wawo. Koma mwanayo atatengedwa kubwerera kufulati yathu, ankapempha asanatsegule firiji. Akadya ankatsuka mbale yake nthawi yomweyo. Usiku ankapinda zovala zake n'kuziika m'chikwama chimene anabwera nacho, osati m'kabati.

Ndinadziuza kuti tidikire Lamlungu. Titaweruka kutchalitchi ndinakoka mpando uja, n'kuika mikanda ndi mafuta patebulo. Anabwera yekha, nakhala pansi pakati pa maondo anga, koma msana wake sunandikhudze. Ndinamasula mizere ya a Nachisale umodzi umodzi. Ndinalowetsa chipeso. Tsitsi linali lomwe lija, waya weniweni, chipeso chinkachita kulira. Mwanayo zii.

Ndinamufunsa za kusukulu. Anati kuli bwino. Ndinamuuza za mzinda wopanda mapeto, za ndege zotera padenga, za msewu wa m'mwamba. Anati, "Oo." Pofika pankhongo, pamene kale ankadumpha ngati walumidwa ndi linthumbu, ndinakoka dala. Ndinakoka kwambiri, Mulungu andikhululukire, mpaka khungu linatukuka. Ndinaona zala zake zikukanda kapeti, mapewa atauma ngati thabwa. Mawu sanatuluke.

"Tiya, sizikupweteka?"

"Zikupweteka, amayi."

"Nanga bwanji sukulira?"

Anayankha osatembenuka, mwaulemu, m'Chichewa chake chatsopanocho.

"Anti anati kwa eni salira."

Ndinafuna kumuuza kuti pano si kwa eni, kuti maondo awa ndi omwe aja ankagonapo, koma ndinangopitiriza kuluka. Ndinamaliza mzere umenewo, ndi wina, ndi wina. Mikanda ija sindinaiike. Nditamanga mzere womaliza anadzuka, natola tsitsi lonse lothothoka limene linagwera pakapeti, kuti asandidetsere nyumba. Kenako anagwada, tsitsilo lili m'manja, nati, "Zikomo kwambiri, amayi."