Kabowo ka Pansi pa Foni

Achimwene anga anapita ku Joni atagulitsa mwakabisira ukonde wa malemu bambo athu. Amayi atazindikira, anaima pakhomo n'kunena kuti munthu ameneyo asadzawatchulenso kuti mayi. Amayi athu akanena anena. Zaka zinadutsa, ife tili kuno ku Makanjira, achimwene ali zii.

Tsiku lina masana ndikutembenuza usipa pathandala, foni inalira, nambala yachilendo. Anali bambo wina wa ku Chowe amene anagonekedwa chipatala chimodzi ndi achimwene ku Joniko. Anati anzawowo afooka kwambiri ndipo akufuna mayi awo. Ndinayankha, koma bambowo ankangoti halo, halo. Ndinaganiza kuti ndi netiweki, choncho ndinathamanga kukatenga amayi, tinakwera pachulu cha kuseri kwa mzikiti pamene mafoni amagwira.

Ataimbanso, anali achimwene, mawu atatheratu.

"Amayi, ndine. Ndinalakwa. Mundikhululukire ndisanapite."

"Ndinakukhululukira kalekale, mwanangu."

"Amayi? Mulipo?"

Amayi anabwereza mokuwa, mpaka mbuzi zinabalalika. Kenako tinamva achimwene akuuza bambo aja kuti, "Akadali okwiya." Foni inaduka.

Sindinamvepo mantha ngati amenewo. Ndinadzijambula mawu ndikuti wani, thu, wani, thu, n'kumvetsera: munkangomveka phokoso ngati mvula ya kutali. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso. Ndinavula chikavala, kuuzira, kuimenya pachikhatho. Nditayang'anitsitsa kabowo ka pansi kolowera mawu, kanali katatsekeka ndi mafuta a nsomba osakanikirana ndi mchenga. Foni ya munthu wogulitsa usipa imadya zomwe mwini wake akugwira. Ndinatokosa ndi munga, ndinapukuta ndi mswachi, koma maiki inali itafa basi.

Ndinalemba uthenga woti amayi akhululuka, vuto ndi foni. Bambo aja anayankha kuti odwala akukana, akuti mlongo wawo anazolowera kuwabisira zoipa kuyambira ali ana, iwo akufuna mawu a mayi awo enieni. Zinandipsetsa mtima. Munthu ali pakamwa pa imfa koma liuma lake lomwe lija.

Ndinazungulira mudzi ngati wamisala. Amuna anali atapita ndi mafoni awo kudooko, a amayi ena anali kotchajitsa, ena opanda bandulo. Amene anandithandiza ndi mayi wogulitsa mandasi, yemwe anandibwereka mahedifoni a mwana wake okhala ndi maiki yakeyake pachingwe. Nditalumikiza n'kuyesa, mawu anga anamveka bwinobwino. Ndinaimba, koma sanayankhe, ndiye ndinati tijambule uthenga wa mawu.

Amayi anakonza mpango wawo ngati kuti achimwene awaona. Anagwira kachingwe kaja ndi manja awiri, n'kutchula dzina la achimwene la paubwana. Anawauza kuti ukonde ndi ulusi chabe, kuti iwo ndi mwana wawo lero ndi mawa, ndiponso kuti Mulungu awapeputsire njira. Ndinatumiza nditakweza foni m'mwamba pachulu paja, uthenga ukuzungulira pang'onopang'ono ngati ukuyenda wapansi.

Yankho linabwera anthu akutuluka mumzikiti atatha swala ya madzulo. Bambo aja anati uthenga unafika achimwene atangotseka maso. Koma iwo anawaikirabe foniyo kukhutu, thupi likadali lofunda, mpaka mawu a amayi anatha.

Amayi anandifunsa ngati ndiye kuti achimwene anamva. Ndinati sindikudziwa. Anakafunsa ashehe, ashehe anati Mulungu ndiye adziwa.

Foni ndinagula ina, ndipo ndimaisunga m'kajumbo kutali ndi nsomba. Koma mpaka lero ndikawapatsa amayi kuti alankhule ndi aliyense, ngakhale mdzukulu wawo wa ku Nkope, sapereka moni. Amayamba ndi kufunsa kuti, "Ukundimva?" ndipo sanenanso kanthu mpaka atayankhidwa.